Unamwino Umayambira Pamphasa ya Wodwala

Munthu akagonekedwa m'chipatala kuno kwathu, m'bale wake amatsagana naye kukamuphikira phala, kumusambitsa, kumutembenuza usiku ndi kuitana namwino zikavuta. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itagoneka anthu ambiri m'makomo, akhristu a m'miphakati ankagwira ntchito yomweyi modzipereka, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004. Ana ankathandizira, ndipo ena mtima wa unamwino unawagwira pamenepo.

Amene wadwazikapo matenda wathetsa kale mantha ndi kunyansidwa, ndipo waphunzira kuleza mtima. Wazindikiranso kuti chifundo chopanda luso chili ndi malire: sichidziwa mlingo wa mankhwala, sichingapulumutse mayi wovutika pobereka. Luso limenelo ndilo limaphunzitsidwa pa sukulu ya anamwino ndi azamba ya Holy Family ku Phalombe, pafupi ndi chipatala cha Mpingo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana wodwazika matenda ndiyenso amajomba kusukulu, pomwe unamwino umafuna wokhoza bwino mayeso a MSCE, makamaka maphunziro a sayansi. Inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, mukaona mwana wotere, mulandireniko ntchitoyo kuti abwerere m'kalasi.