Buluzi wa ku Australia amadalira babu ngati dzuwa

Kumadera ouma a pakati pa dziko la Australia kumapezeka buluzi wa minga pakhosi wotchedwa bearded dragon, yemwe ndi wa banja limodzi ndi gulo. Anthu ambiri ku Ulaya ndi ku America amamuweta m'nyumba, komwe babu ndilo limalowa m'malo mwa dzuwa.

Thupi la buluziyu silidzipangira lokha kutentha. Kutchire amawothera dzuwa pamwala, ndipo akatenthedwa amathawira pamthunzi. Khola lake liyenera kumupatsa malo awiri omwewa.

Babu lotenthetsa limaikidwa mbali imodzi, pamwamba pa mwala kapena nthambi, pomwe kutentha kuyenera kukhala madigiri 38 mpaka 42. Mbali inayo pafunika madigiri 22 mpaka 26. Khola likazizira, chakudya sichigayika bwino m'mimba ndipo buluzi amaleka kudya. Likatentha ponseponse, amasowa kothawira ndipo akhoza kufa. N'chifukwa chake babu limalumikizidwa ku thermostat, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi kutentha kukapyola muyezo. Poyeza kutentha, amayezera pamwala pomwe buluzi amakhalapo, osati pakhoma.

Pamafunikanso getsi lina la UVB, lothandiza thupi kupanga vitamini D3. Popanda vitaminiyu kashiamu salowerera m'thupi, mafupa amafewa ndipo miyendo imapindika. Kuwala kwa UVB sikudutsa pagalasi, choncho getsilo limakhala mkati mwa khola. Mphamvu yake imatha ngakhale likadayaka, ndipo ambiri amalisintha pakatha miyezi 6 mpaka 12.

Magetsi onse amayaka pafupifupi maola 12 patsiku. Usiku amazimitsidwa kuti buluzi agone mumdima.