Msonkhano wa Mlungu ndi Mlungu: Yankho kwa Womvera wa ku Chisemphere



Nkhani yathu lero yachokera m'kalata ya mayi wina wa ku Chisemphere, kumpoto kwa boma la Kasungu. Mayiyu ndi mlembi wa gulu la banki m'khonde, ndipo akuti m'gulu mwao mwabuka mkangano. Ena akufuna kuti kuyambira Januwale mpaka Epulo aleke kukumana Lachinayi liri lonse, popeza ndiyo nyengo yothyola, kusoka ndi kusankha fodya, ndipo munthu sangasiye chigafa kukakhala pansi pa mtengo. Akuti ndalama azingotumiza kwa msungichuma. Tsono mayiwa akufunsa kuti: kodi kutero kungaononge chiani?

Ndisanayankhe, ndiloleni ndikutengeni kutali pang'ono, pakuti funso limeneli linavutitsaponso anthu a maiko ena.

Pa 23 Febuluwale 1905, mu mzinda wa Chicago ku Amereka, loya wina dzina lake Paul Harris anakumana ndi anzake atatu: wogulitsa malasha, telala, ndi katswiri wa za migodi. Anagwirizana kuti azikumana kawirikawiri, lero ku ofesi ya uyu, ulendo wina ku ofesi ya winayo. Kuzungulira kumeneku ndiko kunabala dzina lakuti Rotary, bungwe lothandiza anthu limene liri ndi makalabu ngakhale kuno kwathu, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mu 1985 bungweli linayamba ntchito yaikulu yolimbana ndi matenda a poliyo pa dziko lonse lapansi.

Koma chimene ndifuna mumvetsetse ndi lamulo lao la msonkhano. Kwa zaka zambiri kalabu iri yonse inkakumana kamodzi pa mlungu. Munthu akajomba kanayi motsatizana popanda chifukwa chomveka, ankatha kuchotsedwa. Akakhala pa ulendo, ankayenera kukakhala nawo pa msonkhano wa kalabu ya kumene wafikako. Amenewa anali anthu otanganidwa ndi malonda, osati osowa chochita. Anadziwa kuti munthu amene walonjeza ntchito pamaso pa anzake, ndipo adzaonananso nawo pakatha masiku 7, savuta kukumbukira lonjezo lake. Lamuloli analifewetsa mu 2016, nalola makalabu kukumana kawiri pa mwezi. Sanalole kuti aleke kukumana.

Tibwerere ku Chisemphere. Banki m'khonde ilibe nyumba ya njerwa, ilibe mlonda. Chimene chimasunga ndalama zanu ndi maso a anthu. Bokosi liri ndi maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi ngakhale imodzi. Limatsekulidwa onse akuona, ndalama ziwerengedwa mokweza, wofuna ngongole aipempha poyera. Mukachotsa msonkhano, zonsezi zagwa. Msungichuma wanu angakhale wokhulupirika ngati mayi wanu wokubalani, koma akamalandira ndalama yekha pakhomo pake kwa miyezi inayi, tsiku logawana likadzapereweza K5,000 yokha, adzayankha chiani? Mudzakhala mwamuika pa mlandu umene sanaupalamule.

Palinso china chimene a m'gulu lanu aiwala. Miyezi imene akufuna kupumayo ndiyo miyezi ya njala. Nkhokwe zatha, malungo achuluka, fodya sanapite ku Chinkhoma. Imeneyi ndiyo nthawi imene munthu afuna ngongole yolipira aganyu, kapena thandizo la m'thumba la zadzidzidzi mwana akagonekedwa ku chipatala. Kodi adzagogoda pa khomo la yani ngati bokosi latsekedwa mpaka Epulo?

Sindikunena kuti ntchito ya fodya njochepa ai. Amene anasokapo fodya mpaka zala kuda ndi phula adziwa kuti tsamba lokhwima silidikira munthu. Chotero malangizo anga kwa inu, mayi mlembi, ndi awa. Fupikitsani msonkhano: kuitana maina, kuponya masheya, kubweza ndi kupereka ngongole, kuwerenga zotsala, basi. Zimenezi sizingapitirire ola limodzi ngati nkhani za maliro ndi mitengo ya feteleza muzikambirana mutatseka bokosi. Sankhani nthawi ya masana dzuwa likatentha, pamene ambiri atuluka kale m'munda. Amene walephereratu atume mnzake wa m'gulu ndi ndalama pamodzi ndi kabuku kake, kuti zilembedwe anthu akuona. Ndipo ngati zavutadi, kumanani kamodzi pa milungu iwiri, koma chigamulocho chichokere kwa onse, chilembedwe m'buku, pamodzi ndi tsiku limene mudzabwerere ku Lachinayi liri lonse.

Mudzatilemberenso mukagawana, kuti timve m'mene zinathera. Tidzakumananso mlungu wa mawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.