Kalabu ya Ngalawa ya ku Bermuda ndi Anthu Amene Anatsala Kunja

Pakati pa nyanja yamchere ya Atlantic, mamailosi oposa 600 kuchokera ku gombe la Amereka, pali chilumba cha Bermuda chimene chikali pansi pa ulamuliro wa Britain. Dziko lonselo ndi masikweya mailosi 21 okha, koma dzina lake likudziwika kwa amalinyero a mitundu yonse, pakuti thanga la ngodya zitatu limene ngalawa zambiri za mpikisano zimakweza masiku ano limatchedwa ndi dzina la chilumbachi.

Kalabu yotchuka ya kumeneko, Royal Bermuda Yacht Club, inabadwa pa 1 Novembala 1844. Tsiku limenelo amuna okwana ngati 30, ambiri mwa iwo akuluakulu a asilikali a Angerezi a gulu la 20th Regiment, anasonkhana patsinde pa mtengo ku Walsingham ndi kupangana zoyambitsa bungwe la mipikisano ya ngalawa. Mtsogoleri wao woyamba anali Lord Mark Kerr. Posakhalitsa Prince Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria, anabvomera kukhala nkhoswe ya bungwelo, ndipo mu 1846 linalandira dzina lachifumu limene lili nalo kufikira lero. Kuyambira mu 1933 nyumba yake ili pa Albuoy's Point, m'mphepete mwa doko la Hamilton.

Komatu asilikali aja luso la panyanja sanabwere nalo, analipeza pachilumbapo. Kwa zaka zoposa 100 anthu a ku Bermuda anali kukhoma ngalawa zaliwiro ndi matabwa a mkungudza wa kwao, nkumapita nazo kutali ku zilumba za Turks kukakokola mchere wokagulitsa ku Amereka. Ambiri mwa amalinyero a ngalawazo anali akapolo akuda. Iwo ndiwo anadziwa pamene pali matanthwe obisika m'madzi, amene azinga chilumbacho ndi kuswa zombo zosawerengeka. Mu 1795 kapolo wina, James Darrell, anatsogolera chombo chankhondo cha mizinga 74, HMS Resolution, kupyola pakati pa matanthwewo osachigunditsa. Mkulu wa zombozo, George Murray, anachita chidwi kwambiri nampemphera ufulu, ndipo Darrell anamasulidwa mu 1796, nakhala mmodzi wa oyamba kulembedwa nchito yotsogolera zombo za Mfumu.

Ukapolo unatha ku Bermuda pa 1 Ogasiti 1834, zaka khumi zokha kalabuyo isanayambe. Nchifukwa chake m'mipikisano yoyambirira mabwana ankalemba ganyu amalinyero a pachilumbapo, ambiri a iwo akuda, kuti aziyendetsa ngalawa, eni ake nkumabetcherana ndalama. Chikho chinkapita kwa bwana, ngakhale manja amene anagwira zingwe anali a wina. M'zaka za m'ma 1880 kunabuka mipikisano ya timabwato ting'onoting'ono ta mafiti 14 tosenza matanga akulu koposa msinkhu wake, ndipo ena anakhazikitsa mwambo wakuti opikisana akhale ongosewera, osati odyera m'nchito ya panyanja. Pongoumva mwambowu unali wabwino, koma munthu aliyense angathe kuona amene unawatsekera pakhomo. Timabwatoti tikupikisanabe, ndipo malamulo ake amalola woyendetsa kuuza anzake kuti adumphire m'madzi kuti bwato lipepuke pothamangira kumapeto.

Chimene chinabukitsa kalabuyi kunja ndi mpikisano wa mu 1906. Thomas Fleming Day, mkonzi wa magazini ya The Rudder ku New York, anatsutsa anthu amene ankanena kuti ngalawa yaing'ono singathe kuoloka nyanja yaikulu. Ngalawa zitatu zinanyamuka ku Brooklyn, ziwiri zinafika, ndipo inapambana ndi Tamerlane imene Day mwini anakwera. Kuyambira mu 1926 mpikisanowu umakonzedwa ndi kalabu ya ku Bermuda pamodzi ndi Cruising Club of America, kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo kuchokera mu 1936 umayambira ku Newport, ulendo wa mamailosi a panyanja oposa 630 wodutsa mkokomo wa madzi ofunda wa Gulf Stream. Mu 2017 ngakhale mpikisano wa America's Cup unachitikira m'madzi a chilumbachi, ndipo anapambana ndi a ku New Zealand.

M'zaka zambiri za kutchukaku Bermuda linali dziko la tsankho. Kufikira mu 1959, pamene anthu akuda ananyanyala nyumba za kanema mpaka eni ake anagonja, khungu ndilo linkanena pamene munthu akhale m'nyumbazo ndi hotela imene angalowe. Ufulu wofanana wa kuvota unadza mu 1968. Zidzukulu za amalinyero aja sizinakhale pansi kudikira kuti makalabu a Azungu azitsegulire zitseko. Zinadzikhomera mabwato otsika mtengo a mtundu wa Comet, a anthu awiri, ndi kuyambitsa makalabu aoao, monga West End Sailboat Club ya ku Somerset. Mpikisano wao waukulu, wotchedwa ndi dzina la Edward Cross, umachitika m'mwezi wa Juni pakati pa Somerset ndi St. George's, kuchokera ku nsonga imodzi ya chilumba kufika ku inzake, ndipo mabanja amautsatira m'maboti ndi m'mphepete mwa gombe la kumpoto.