Ndege Zimene Zidathera pa Pepala

Mlimi wa fodya ku Mtunthama amadziwa kuti moto ukachuluka m'balani, thukuta la chaka chonse limasanduka phulusa. Kutentha komweku ndiko kwasautsa akatswiri ofuna kupanga ndege zothamanga kasanu kuposa liwiro la mawu. Pa liwiro lotere mpweya umapanikizika kutsogolo kwa ndege ndi kutentha mpaka chitsulo kufewa.

Pa 3 Okutobala 1967, William Knight wa ku Amereka adaulutsa ndege ya X-15 pa liwiro la makilomita 7,274 pa ola. Ndege yotere ikadanyamuka ku Mtunthama, ikadafika ku Lilongwe mphindi ziwiri zisanathe. Koma idatera itapserera, ndipo siidaulukenso.

Maulendo a X-15 atatha mu 1968, bungwe la NASA ndi asilikali a m'mlengalenga adafuna ndege ina yolowa m'malo mwake, yotchedwa X-24C. Kampani ya Lockheed idajambula mapulani a ndege yofika kasanu ndi katatu pa liwiro la mawu. Mtengo wake udakwerabe, ndipo mu 1977 ntchitoyo idaimitsidwa.

Mu 1986 Pulezidenti Ronald Reagan adalonjeza ndege yochoka ku Washington kukatera ku Tokyo m'maola awiri okha. Yoyesera yake, X-30, idayenera kukhala ndi injini ya scramjet, imene imayatsa hydrogen mu mpweya wodutsa m'kati mwake mothamanga kuposa mawu. Injiniyo idali isanakhwime, zitsulo zopepuka zopirira moto zidavuta kupanga, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 boma lidatseka thumba. Ku Britain nako, boma lidaleka kupereka ndalama za ndege ya HOTOL mu 1988. Zoonadi, fodya ndi uyu ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Komabe nzeru za m'mapepalamo sizidaole. Akatswiri adasiya zazikulu nayamba ndi kakang'ono. Pa 16 Novembala 2004, kandege ka X-43A, kopanda woyendetsa, kosakwana mamita anayi m'litali, kadafika pafupifupi kakhumi pa liwiro la mawu. Injini yake ya scramjet idayaka masekondi pafupifupi khumi okha, koma adakwana kutsimikiza kuti maganizo aja sadali maloto. Nayenso mlimi wanzeru amayamba wayesa mbewu yachilendo pa mizere iwiri asanaithire munda wonse.