Wokuperekezani kukadya pa Boma: ndalama yanu ikugula chiyani?

Mlendo akatsika m'phiri la Mulanje, miyendo ili lendee, nsapato zili matope okhaokha, za Sapitwa amakhala wathana nazo. Mamita 3,002 aja wawasiya kumbuyo, ndipo chimene amafunsa tsopano n'chakuti, "Achimwene, kuno anthu amadyera kuti?" Ine ndinayamba ntchito ndili mnyamata, kusenza zikwama za alendo pa Likhubula, kenako n'kukhala woperekeza. Funso limenelo ndi limene linanditsegulira ntchito yachiwiri: kuyenda wapansi ndi anthu pakati pa Boma ndi Chitakale, kulawa apa, kulawa apo, kuyambira mmawa mpaka dzuwa litapendeka. Ku Cape Town kapena ku Bangkok maulendo otere ndi malonda okhazikika, anthu amachita kulembetsa pa intaneti. Kwathu kuno nthawi zambiri mumangogwirizana pakamwa ndi woperekeza, kawirikawiri pa tsiku lopumitsa miyendo.

Azungu savuta kuwakopa. Amene amandifunsa mafunso olimba ndi abale athu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Bambo wina anandiuza maso ndi maso kuti, "Ndikulipireni kuti mundionetse tchipisi? Kodi ku Ndirande kulibe chiwaya?" Sanalakwitse, ndipo ndinawavomereza.

Ngati chimene mukufuna ndi tchipisi cha pachiwaya, kanyenya, mandasi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, musalipire munthu aliyense. Msewu wochokera pa Chitakale kupita pa Boma ndi umodzi, phiri lili apo kukulozerani njira, simungasochere. Mumalankhula Chichewa, mumadziwa kunenerera mtengo, mumadziwa kupempha banyira. Tsatani utsi, khalani pa benchi, idyani. Woperekeza amene angakutengereni ndalama pa zimenezi wakudyerani masuku pamutu.

Nkhani imasintha mukatchula kalongonda.

Amene sanakulire kuno amangomva mbiri yake, ena amamuopa, ena amamuseka. Kalongonda ndi nyemba zikuluzikulu, m'bale wake wa chitedze choyabwa chija, ndipo kwa ife a m'chigawo chino ndi chakudya chokhala ndi mbiri. Makolo a Chilomwe atayamba kuwoloka kuchokera ku Mozambique, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ambiri akuthawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, anafikira m'maesiteti n'kupezanso thangata likuwadikira. Malo olima anali ochepa. Mbewu zimene zinawasunga ndi zopirira: chinangwa, nandolo, kalongonda. Mpaka lero, mwezi wa njala ukafika, pali makomo amene amagonera zimenezi.

Koma kalongonda saphikidwa ngati nyemba wamba. M'kati mwake muli mankhwala amene madokotala amawatcha L-dopa, omwewo amene amapatsa odwala matenda onjenjemera a Parkinson. M'chipatala amapereka poyeza. Mumphika mulibe sikelo. Mukadya wosapsa bwino, mutu umazungulira, mseru umakugwirani, mumasanza, ndipo ena amafika pobwebweta ngati asokonekera. N'chifukwa chake akuluakulu amati kalongonda amapengetsa. Mankhwala ake ndi moto, madzi ndi kudekha basi.

Pali mayi wina, chakumtunda kwa msika, amene ndimapitako ndi alendo. Ndikawauza dzulo lake, mphika amauteleka madzulo omwewo. Tikafika mmawa ndi kunena odi, timawapeza atakhala pa mphasa, lichero lili pamiyendo, akusenda khungu la nyemba imodziimodzi ndi chala chachikulu. Pambali pamakhala chidebe cha madzi amene akhetsa, akuda bii ngati a m'dambo. Amathira ena oyera, kusonkhezera moto, kuwiritsa, kukhetsanso. Mlendo akafunsa kuti akhetsa kangati, iwo sawerengera. Amatenga nyemba imodzi, kuifinya pakati pa zala, kuinunkhiza, kuyang'ana mtundu wa madzi, n'kunena kuti, "Ayi mwanangu, sanafike." Nkhuni zimene zimathera pamenepo mungaphikire nsima sabata yonse. Akapsa, amathira mchere ndi katsabola ka kambuzi, ndipo amakoma mwa njira yakeyake, wonona, wokhutitsa, woti ukadya mmawa umafika madzulo osakumbuka nsima.

Ndalama yanu imagula chimenechi. Nyembazo n'zotchipa. Chodula n'kudziwa kuti mphika uwu ndi wa yani, unatelekedwa nthawi yanji, ndipo mwini wake ndi munthu wofulumira kapena wodekha. Chaka china mlendo wanga anandisiya ndikukonza za galimoto, n'kutsatana ndi mnyamata amene anamupeza pa siteji. Anagula kalongonda wa m'kambale, wophikidwa mothamangira makasitomala. Usiku wonse tinachezera naye, akusanza, akuona denga likuzungulira, ndipo ulendo wa ku Chambe unathera pomwepo. Mnyamatayo sindimuyesa woipa mtima. Sankadziwa, ndipo mlendoyo sanafunse. Paja safunsa anadya phula.

Chinangwa nachonso chili ndi malamulo ake. Chozizira mutha kuchitafuna chachiwisi. Chowawa chili ndi poizoni, chimafuna kuviika kapena kuyanika mokwanira chisanafike pakamwa. Makaka, chinangwa chouma chija, akaphikidwa pamodzi ndi nandolo, ndi chakudya chimene simudzachipeza pa menyu ya malo ogona alendo. Chimapezeka m'makomo, ndipo pakhomo pa munthu sulowa ndi ndalama yokha. Pamafunika wina wodziwika woti akagogode, anene kuti awa ndi alendo anga. Ngakhale inu a ku Area 25, amene Chichewa ndi chanu, simungangotulukira pakhomo pa agogo osawadziwa n'kunena kuti mwabwera kudzalawa makaka.

Chinthu chachiwiri chimene woperekeza weniweni amadziwa ndi kalendala ya m'munda. Mulanje imasintha nkhope mwezi ndi mwezi. Nandolo wamuwisi ndi wa nyengo yozizira kulowera m'chilimwe. Masuku ndi mango amabwera kukatentha, mvula ili pafupi. Nanazi, amene Mulanje imatchuka naye, amachuluka chakumapeto kwa chaka, milu ili mbwee m'mbali mwa msewu, fungo likukupezani musanafike. Mvula ikakhazikika kumabwera bowa ndi ngumbi, kenako chimanga chachiwisi ndi mapeyala. Munthu akakulonjezani zonsezi tsiku limodzi, mu June, chiperoni chili chuu, dziwani kuti akufuna ndalama yanu yokha. Mufunseni funso limodzi musanagwirizane: "Mwezi uno kukupezeka chiyani?" Wodziwa amayankha nthawi yomweyo, ndipo amakuuzaninso zimene kulibe.

Ndipo pali zina zimene zinatichoka. Ndili mwana, nthochi kuno ndi ku Thyolo zinali zosawerengeka, zitumbuwa zinali chakudya cha mwana aliyense wa sukulu. Matenda a chisaka anapululutsa minda, anthu anachita kuzula mitsinde yonse, ndipo panafika nthawi yoti nthochi zambiri za m'misika yathu zinkachokera ku Mozambique ndi ku Tanzania. Alimi ayambanso kubzala mbewu zatsopano, koma sitinabwerere pomwe tinali. Ndikamagulira mlendo chitumbuwa ndimamuuza nkhani imeneyi, chifukwa mtengo wa chitumbuwacho sungamveke popanda iyo. N'chimodzimodzi ndi namondwe Freddy wa mu March 2023: alipo amayi pa msika amene anasiya kugulitsa za m'munda mwawo n'kuyamba kupikula za ena, chifukwa munda unakwiriridwa ndi miyala yotsika m'phiri.

Za ukhondo ndinene mosabisa, pakuti pamenepa pali moyo. Kolera amene anayamba mu March 2022 n'kupitirira mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kuyambira pamenepo maso anga anasintha. Ndikaima pa chiwaya sindiyamba kuyang'ana nyama, ndimayang'ana madzi. Mbale akutsukira m'beseni limodzi kuyambira mmawa, kapena akusintha? Pali ndowa ya mpopi ndi sopo? Kabichi wa pa tchipisi wadulidwa liti, ndipo wavindikiridwa? Mafuta ndi oyera kapena ada ngati oilo wa galimoto? Thobwa ndimatengera alendo kwa anthu amene ndikudziwa komwe amatunga madzi. Chotentha, chochoka pamoto inu mukuona, sichikhala ndi mlandu kawirikawiri. Chozizira, chimene chakhala padzuwa ntchentche zikuchita msonkhano, ndimachilambalala ngakhale wogulitsayo akhale mlamu wanga. Munthu wa kuno zina mwa izi amaziona yekha. Mlendo wochokera kutali, m'mimba mwake mosazolowera, apa ndiye pamene woperekeza amamupulumutsa.

Tiyi sindingamusiye, chifukwa kuyenda pa Boma ndi kuyenda m'mphepete mwa tiyi. Minda yobiriwira imeneyi inayamba kalekale: Henry Brown anabzala tiyi ku Lauderdale m'chaka cha 1891, ndipo kuchokera pamenepo mbewuyi inafalikira m'munsi mwa phiri mpaka ku Lujeri. Ku Mimosa kuli malo ofufuzira za tiyi amene amathandiza maiko angapo a m'chigawo chino cha Africa. Wothyola amatenga masamba awiri ndi kamphukira ka pamwamba, n'kuponya m'dengu la kumsana osacheuka, ndipo pa fakitale masambawo amafotetsedwa, kudulidwa, kusiyidwa kuti asinthe mtundu, kenako kuumitsidwa. Tiyi wambiri amapita kunja, wina kudzera pa okushoni ya ku Limbe. Chimene mlendo ayenera kudziwa n'chakuti minda imeneyi ili ndi eni ake, ndipo m'fakitale salowa popanda chilolezo. Woperekeza akati akulowetsani, mufunseni ngati wapempha kale. Ine chimene ndimakonda n'kukhazika alendo mu tiyirumu ya pa msika, pakati pa akabaza ndi othyola tiyi amene aweruka, kapu yaikulu ya shuga wambiri ili m'manja, chigumu chili pambali. Pamenepo mlendo amamva yekha kuti dengu limodzi limalipira bwanji, kuchokera pakamwa pa wolisenza. Zimenezo ine sindingazifotokoze bwino kuposa eni ake.

Tsopano za ndalama, pamene anthu ambiri amachita manyazi kufunsa. Musachite manyazi. Funsani ngati mtengo umene wanenedwa ukuphatikiza chakudya kapena ndi wa miyendo ya woperekeza yokha. Mitengo yakhala ikusinthasintha, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho mtengo umene mnzanu analipira chaka chatha usakhale muyeso. Funsaninso kuti mayi wophika uja alandira zingati. Apa ndi pamene ntchito yathu ili ndi chilema. Alipo operekeza amene amalandira ndalama yambiri kwa mlendo, n'kukapatsa wophika ndalama yosakwana ngakhale nkhuni zimene watentha. Aliponso amene amakutengerani kumene amadyako kenakake, osati kumene kuli chakudya chabwino. Njira yanga ndi yakuti mlendo alipire wophika m'manja mwake, ine ndikuona, pa mtengo umene tagwirizana dzulo lake. Woperekeza amene akukana zimenezi, mudzifunse chifukwa chake.

Gulu lisapitirire anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Mukachuluka, pa msika mumasanduka chionetsero, mitengo imakwera, ndipo pakhomo pa munthu mphasa sizikwana. Za zithunzi, pemphani kaye. Mayi wogulitsa matemba sanabwere kudzajambulidwa, wabwera kudzasaka ya sopo, ndipo zimandipweteka ndikaona foni ikulozedwa kumaso kwa munthu wamkulu popanda ngakhale moni. Perekani moni, gulani mulu umodzi, kenako funsani. Ambiri amavomera, ena amayamba akonza duku.

Woperekezayo mumupeza kuti? Amene amakwera phiri amadziwika ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula, ndipo malo ogona alendo a pa Boma amadziwa amene amagwira nawo ntchito. Koma kudziwa njira ya ku Lichenya sikutanthauza kudziwa miphika. Muyeseni ndi mafunso aang'ono: chigwada amasinja asanaphike kapena ataphika? Kholowa ndi masamba a chiyani? Wokulira pa mafuwa amayankha akumwetulira. Wongoloweza amayamba kukuuzani za kutalika kwa phiri.

Chilowereni phiri lathu m'kaundula wa UNESCO mu July 2025, chifukwa cha chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amene amalilemekeza, ndikuyembekeza kuti ofuna kulawa za kuno achuluka, ndipo ndikufunitsitsa kuti ndalama yawo izifika pa mafuwa, isamathere pa siteji.

Mukabwera mu October, nthawi ya Mulhako wa Alhomwe, pitani pa Chonde nokha. Kumeneko kalongonda, makaka ndi nandolo zimakhala poyera, ophika ali pomwepo, mutha kufunsa chilichonse popanda mkhalapakati. Miyezi ina yonseyi, ngati mtima wanu uli pa kalongonda, tumizani uthenga kudakali tsiku lathunthu, kuti mayi aja apeze nkhuni, mphika ukhale pamoto dzuwa lisanalowe.