Kulemba buku loyamba la luso la kompyuta uli pa ntchito: phunziro la buku la Django

Mu Disembala 2007 kampani yosindikiza mabuku ya Apress ya ku America inatulutsa buku lotchedwa The Definitive Guide to Django, lophunzitsa kamangidwe ka masamba a pa intaneti pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Django. Patangodutsa miyezi isanu ndi inayi, mu Seputembala 2008, pulogalamuyo inasinthidwa kwambiri moti zina mwa zitsanzo za m'bukumo zinaleka kugwira ntchito.

Amene analemba bukuli, a Adrian Holovaty ndi a Jacob Kaplan-Moss, sanali alendo pa nkhaniyi, pakuti ndi iwo omwe ankatsogolera ntchito yokonza pulogalamu ya Django. Linali buku lawo loyamba ndipo analilemba ali pa ntchito zawo za tsiku ndi tsiku. Zimene zinawachitikira zikuonetsa vuto limene katswiri aliyense womanga masamba a pa intaneti amakumana nalo akafuna kulemba buku. Ntchito ndi imene imamupatsa nzeru zoti alembe, komanso ndi yomweyo imene imamudyera nthawi, pamene luso limene akulifotokoza likunka lisintha mwezi ndi mwezi.

Pulogalamu ya Django inabadwira pa nyuzipepala ya Lawrence Journal-World, mumzinda wa Lawrence m'chigawo cha Kansas. A Holovaty ndi a Simon Willison anaiyamba mu 2003 pofuna kuti azitha kumanga masamba a nyuzipepalayo mwachangu, mogwirizana ndi liwiro la atolankhani. Inalembedwa m'chilankhulo cha kompyuta cha Python, ndipo dzina lake linachokera kwa katswiri woimba gitala, Django Reinhardt. A Kaplan-Moss analowa m'gululi pambuyo pake, ndipo mu Julaye 2005 pulogalamuyi inaperekedwa kuti aliyense aigwiritse ntchito mwaulere.

Pa nthawi yolemba bukuli a Kaplan-Moss anali akugwirabe ntchito ku kampani ya nyuzipepala ya ku Lawrence. A Holovaty anali atapita ku nthambi ya pa intaneti ya nyuzipepala ya The Washington Post mu 2005, ndipo mu 2007 anachokako n'kukayambitsa EveryBlock, tsamba lopereka nkhani za m'madera a m'mizinda. Choncho mitu 20 ya bukuli inalembedwa ndi anthu awiri amene aliyense anali ndi udindo wina waukulu, kuphatikizapo kuyang'anira pulogalamu yeniyeniyo.

Buku lotere silimalembedwa ngati nkhani wamba. Mlembi amayamba watumiza ku kampani yosindikiza ndondomeko ya mitu yonse ndi kufotokoza anthu amene akufuna kuti adzaliwerenge. Akagwirizana, amasainirana pangano lotchula masiku operekera mutu uliwonse. Mutu ukalembedwa umapita kwa mkonzi, kenako kwa katswiri wina amene amayesa pa kompyuta chitsanzo chilichonse kuti aone ngati chikugwiradi ntchito. Zolakwika zikapezeka mutuwo umabwerera kwa mwini wake. Kwa munthu amene masana onse ali ku ofesi, zonsezi zimachitika usiku, m'mamawa kapena Loweruka ndi Lamlungu, ndipo kawirikawiri pamatha miyezi yambiri, mwinanso kuposa chaka.

Pamene miyeziyo ikudutsa, pulogalamu imene ikufotokozedwa imakhala ikusinthidwa. Buku la a Holovaty ndi a Kaplan-Moss linatsatira Django 0.96, imene inatuluka mu Malichi 2007. Itatuluka Django 1.0, zinthu zingapo zinasintha. Mwachitsanzo, mawu akuti maxlength, amene amauza kompyuta kutalika kwa mawu ololedwa m'bokosi, anasinthidwa kukhala max_length. Kwa munthu ndi kamzere kamodzi chabe, koma kompyuta imakana lamulo lonse ngati kamzereko palibe. Njira yokonzera tsamba la oyang'anira, imene bukuli linaipatsa mitu iwiri, nayonso inasinthidwa. Wophunzira amene anagula bukuli kumapeto kwa 2008 n'kuika pulogalamu yatsopano pa kompyuta yake ankatha kukopera chitsanzo molondola koma n'kulandira uthenga wakuti walakwitsa. Olembawo anabwereranso pa ntchitoyi, ndipo buku lokonzedwanso linatuluka mu 2009.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene anachita zomwe zinachepetsa vutoli. Choyamba, sanadikire kuti buku lonse lithe. Kuyambira chakumapeto kwa 2006 ankaika mitu pa intaneti pang'onopang'ono kuti owerenga aziiona ndi kuloza zolakwika ndime ndi ndime, poti mutu umodzi susenza denga. Mwa njirayi anthu anayamba kuphunzira chaka chathunthu buku la pepala lisanafike m'sitolo, ndipo olemba amene analibe nthawi yokwanira anapeza maso ambiri owathandiza. Chachiwiri, bukuli linatuluka ndi chilolezo cha GNU Free Documentation License, chimene chimalola aliyense kulikopera, kuligawa ndi kulikonza. Motero aphunzitsi komanso omasulira m'zilankhulo zina sanamangike manja.

Nkhani ya ndalama nayo ndi yofunika kuimvetsa msanga. Makampani ambiri osindikiza mabuku a za kompyuta amapatsa mlembi gawo la pafupifupi 10 peresenti ya ndalama zimene kampaniyo yalandira pa buku lililonse, osati ya mtengo wolembedwa pachikuto. Ndalama zimene mlembi amapatsidwiratu poyamba zimadzachotsedwa pa gawo lomwelo, ndipo olemba akakhala awiri amagawana. Popeza buku la luso la kompyuta limakalamba msanga, nyengo yake ya malonda ndi yaifupi. N'chifukwa chake ambiri amene amalemba mabuku otere sasiya ntchito. Phindu lalikulu limabwera m'njira zina, monga kudziwika, kuitanidwa kukayankhula pa misonkhano ndi kupeza ntchito yabwinopo.

Palinso nkhani ya bwana. M'mapangano ena a ntchito muli ndime yonena kuti zimene wantchito wapanga zokhudza ntchito yake ndi za kampani. Wofuna kulemba ayenera kuwerenga pangano lake ndi kupeza chilolezo cholembedwa asanayambe, komanso kupewa kuika m'buku zinsinsi za kampani kapena za makasitomala. Olemba buku la Django anali ndi mwayi pa mfundoyi chifukwa pulogalamu imene ankaifotokoza inali itaperekedwa kale kwa anthu onse.

Liwiro la kusintha silinachepe. Mu Disembala 2017 Django 2.0 inasiya kugwira ntchito ndi Python 2, mtundu wa chilankhulocho umene mabuku onse awiri aja anagwiritsa ntchito, ndipo mu 2020 eni ake a Python analekeratu kuusamalira. Zitsanzo zambiri za m'bukuli sizingayende pa Django ya lero popanda kuzikonza.

Chimene chinakhalitsa m'bukuli ndi mafotokozedwe a chifukwa chake pulogalamuyi inamangidwa motero: kulekanitsa malo osungira zinthu, malamulo oyendetsa tsamba ndi maonekedwe ake, komanso kupewa kulemba chinthu chimodzi kawiri. Mfundo zimenezi zikugwirabe ntchito mu Django mpaka pano. Kwa katswiri amene ali ndi maola ochepa a usiku okha, phunziro ndi lakuti nthawi yambiri aithere pa mfundo zotere, atchule momveka bwino mtundu wa pulogalamu umene zitsanzo zake zayesedwapo, ndipo asanasaine pangano adziwe amene adzakonze bukulo pulogalamu ikadzasintha.