LUSALA: CILAZI CA M'THENGO

Lusala ndi comera coyanga ca m'banja la zilazi, cimene akatswiri a zomera amacicha Dioscorea hirtiflora. Dzinali ndi la Citonga, ndipo m'madera ena amati busala. Mnyanja akamva za cilazi ca m'thengo amakumbuka mpama, umene uli m'banja lomweli.

Comeraci sicilimidwa m'munda. Cimaphuka mvula ikagwa, cimayanga pa mitengo ya m'nkhalango, ndipo cimasunga cakudya cake m'mizu yopyapyala yonga zala za munthu. Mizu imeneyi ndiyo imadyedwa. Nthawi yokumba imayamba m'Malici ndi kufika m'Sepitembala, ndipo ambiri ogwira nchitoyi ndi amai ndi atsikana. Akatsuka mizuyo ndi kuipala, amaiphika pamodzi ndi nsinjiro, nsomba, mazira kapena nyama, nikhala ndiwo yodyera nsima m'miyezi imene masamba a kumunda asowa. Yotsala amaigulitsa pa misika ya ku Choma, Monze, Mazabuka ngakhale ku Lusaka. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anaonetsa kuti mwa mabanja a kumidzi amene anafunsidwa m'Cigawo ca Kumwera, 96 pa 100 alionse anali kudya lusala, ndipo 59 pa 100 anali kugulitsako.

Cakudyaci cimadalira nkhalango. Mitengo ikatha cifukwa ca makala ndi minda yatsopano, lusala amasowa poyanga, ndipo wokumba amayenda mtunda wautali asanadzaze dengu. Kakumbidwe nakonso kali ndi mbali yake. Wozula mizu yonse amapha comera, pamene wosiya mutu wake m'nthaka ndi kukwirira dzenje adzapezanso cokumba caka camawa.

Tiyeneranso kudziwa kuti si cilazi ciliconse ca m'thengo cimene cili cabwino kudya. Mitundu ina, monga Dioscorea dumetorum yomera yokha m'thengo, ili ndi ululu woti nkupha munthu. Makolo anali kuidya pa njala pokha, ataiduladula, kuiviika m'madzi oyenda masiku angapo ndi kuiphika. Kwa mwana mizu yonseyi imaoneka yofanana. Cotero mphunzitsi, pokamba za zakudya za m'thengo m'kalasi, aitane mai wodziwa kukumba kuti abwere ndi muzu pamodzi ndi tsamba lake, ndipo acenjeze ana kuti asalawe muzu umene munthu wamkulu sanauone.